Ndinavomera Kuti Ndinathira Mankhwala M'tiyi wa Mng'ono Wanga

1

Mukafika ku Zarqa n'kufunsa za Wijdan, mwana wa Kaputeni Majdi, palibe amene angakuuzeni kuti ndinakhala katswiri wa masewera omenyana a taekwondo wa dziko lonse la Jordan zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Palibe amene angakumbuke tsiku limene ndinagwetsa mtsikana wa ku Korea ndi theche la kumutu, holo yonse n'kuimirira. Adzangokuyang'anani, n'kutsitsa mawu.

"Mukunena uja anathirira mng'ono wake mankhwala?"

Ndine ameneyo. Palibe anandikakamiza. Ndinavomera ndi pakamwa panga, ndinasaina ndi dzanja langa pamaso pa komiti. Papita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo lero ndikufuna ndifotokoze zonse, kuphatikizapo zimene komitiyo sinamve.

2

Bambo anga ankafuna mwana wamwamuna. Mulungu anawapatsa atsikana awiri, ine ndi Tuqa, amene anabadwa ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anzawo ankawaseka kuti ndi bambo wa atsikana okhaokha.

"Bweretsani anyamata anuwo muholo," ankayankha choncho. "Koma muyambe mwawawerenga mano."

Holo yawo yophunzitsira inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Ndinalowamo ndili ndi zaka zisanu, ndipo fungo la matayala ndi thukuta ndilo fungo la ubwana wanga. Muholo tinkawatchula Kaputeni, kunyumba ababa. Koma zaka zikupita, ukaputeni unawatsatira mpaka kunyumba. Sikelo inkakhala pakhomo la khitchini. Usanakhudze buledi, umayamba wakwera.

Amayi anga, a Hiyam, sankadziwa kuti theche la kumutu ndi mapointi angati. Sanapiteko kukaonera mpikisano ngakhale umodzi. Ankati mtima wawo sungapirire kuona mwana wawo akumenyedwa anthu akuwomba m'manja. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ntchito yawo inali kuphika zakudya zokoma zimene ana awo sankaloledwa kudya.

Bambo anali a mtima wapachala. Anali atawasudzulapo amayi kawiri. Koyamba chifukwa amayiwo anandipatsa mobisa kagawo ka kunafa, keke ya tchizi ija yonyowa ndi madzi a shuga, kutatsala masiku awiri kuti ndikayezedwe kulemera. Kachiwiri chifukwa anamutsekera Tuqa m'chipinda atatentha thupi, kuti asapite kukaphunzira. Maulendo onse awiri akuluakulu anakhala pansi, banja n'kubwerera. Koma mawu osudzula mkazi mwamuna akawanena kachitatu, m'chipembedzo chathu palibenso kubwererana. Amayi analibe kwawo. Makolo awo anamwalira kale, nyumba inagulitsidwa. Choncho ankayenda m'nyumba mwawo momwe ngati munthu wosenza mazira.

"Za muholo si zako, Hiyam," bambo ankatero. "Ukadzalowereranso, ukudziwa."

3

Tuqa ndinamulera ndine. Lamba wake woyamba ndinam'manga ndine, ndipo atathyoka chala ali ndi zaka khumi analirira pachifuwa panga. Anali wa nthabwala, wa pakamwa posatseka, ndipo miyendo yake inali mphatso. Ine theche lililonse ndinalivutikira zaka. Iye ankangoliona kamodzi, mawa lake akulimenya bwino kuposa mwini wake.

Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anatalika ngati nsungwi. Gulu la opepuka limene ankamenyamo linamukana. Sikelo inkaonetsa makilogalamu 61.

Tsiku lina titamaliza kuphunzira, bambo anatiitana tonse awiri.

"Tuqa alowa gulu la makilogalamu 57."

Limenelo linali gulu langa. Dziko limatumiza munthu mmodzi yekha pa gulu lililonse ku mpikisano wopezera malo ku Olimpiki. Ulendo wapitawo ndinalephera kupita chifukwa cha bondo. Uwu unali mwayi wanga womaliza.

"Kaputeni, bwanji asakwere ku 67?" ndinafunsa.

"Ku 67 akamuthyola. Atsikana akumeneko ndi zipupa."

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi zaka 27. Mwendo wako wakumanzere wayamba kuchedwa. Ukudziwa, ndikudziwa. Mukumana pa mpikisano wosankha timu, wopambana ndi amene apite."

Anatembenuka n'kuyamba kusonkhanitsa zovala za pachifuwa, ngati anena za nyengo.

Tili pa masitepe Tuqa anandikoleka mkono m'khosi.

"Agogo, musadandaule. Ndikakugwetsani ndikugulirani ndodo yoyendera."

"Iwe kamwana, matewera ako ndachapa ndine."

"N'chifukwa chake ndidzakumenyani mwaulemu, asisi. Kumutu kokha."

Tinaseka mpaka mwini sitolo ya matayala anasuzumira. Ndikufuna mudziwe kuti ndinkamukonda. Zonse zimene ndikuuzeni zisakuiwalitseni zimenezo.

4

Kutatsala masiku atatu kuti tiyezedwe, Tuqa anali pa 59.4. Munthu amene sanachepetsepo thupi chifukwa cha sikelo sangamvetse. Ankathamanga padenga la nyumba dzuwa lili pamutu atavala chovala cha pulasitiki. Ankalavulira m'kabotolo tsiku lonse. Chakudya chake chinali dzira limodzi ndi nkhaka, madzi ake kachidutswa ka ayezi koyamwa, ndi kapu imodzi ya tiyi wopanda shuga m'mawa. Milomo inang'ambika. Nthabwala zinatha.

Amayi ankamuyang'ana pawindo la kukhitchini, n'kumapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Tsiku loyezedwa Tuqa anakwera pa sikelo ku Amman: 56.8.

"Waona?" bambo anatero. "Thupi ndi kapolo. Limamvera wolimba mtima."

Mawa lake tonse tinapambana ndewu zathu zoyamba, ndipo madzulo tinakumana mu ndime yomaliza, monga aliyense ankayembekezera. Bambo anakana kukhala kumbali ya aliyense. Anakakhala pakati pa oonera, manja atapinda.

Raundi yoyamba ndinatenga ine. Ndinkamudziwa mwanayo ngati chikhatho changa, akafuna kunyamula mwendo phewa limayamba lamuulula. Yachiwiri anatenga iye, chifukwa nayenso ankandidziwa. Mu yachitatu ndinkatsogola ndi mapointi awiri, kutatsala masekondi asanu ndi limodzi. Ndinamva anthu akuyamba kuimba dzina langa. Ndinangofunika kubwerera m'mbuyo, kutseka, kudikira belu.

Tuqa anazungulira. Sindinachione n'komwe chidendene chake. Ndinangomva chipewa changa chotetezera mutu chikulira, kenako denga la holo lili pamwamba panga.

Sanakondwere. Anagwada pambali panga akupuma mwawefuwefu.

"Asisi, mwavulala? Ndiyang'aneni. Zala zingati izi?"

"Choka apa, kalandire mendulo yako."

Atatsika pa nsanja, mayi wina wovala baji anam'gwira pa mkono. Anali wa anthu oyeza mkodzo wa osewera. Tuqa anandibayibitsa uku akumutsatira, mendulo ikulendewera pachifuwa.

"Ndikubwera, musadye nokha."

Ndinawerama n'kuyamba kumasula zotetezera miyendo.

5

Kalata inabwera patatha milungu itatu. Bambo anaiwerenga ataimirira, kawiri, kenako anakhala pansi.

Mumkodzo wa Tuqa anapezamo mankhwala okodzetsa, aja amachotsa madzi m'thupi. Ndi oletsedwa kwa wosewera aliyense. Anamuimitsa kaye kusewera mpaka mlandu utamvedwa.

"Wamwa chiyani?" bambo anafunsa motsitsa. Mawu awo akatsika choncho ndiye kuti zafika poipa.

"Palibe, ababa."

"Anakupatsa ndani?"

"Ndikulumbira pa Buku Loyera. Ngakhale piritsi la mutu sindinamwe. Asisi, auzeni. Tinali limodzi masiku onse."

"N'zoona, sindinamuone akumwa piritsi," ndinatero.

Nkhani inatuluka m'nyuzipepala. Makolo anayamba kuchotsa ana awo muholo ya bambo, poyamba awiri, kenako khumi. Munthu wina analemba pa chitseko cha holoyo ndi penti kuti muno amagulitsa mankhwala. Bambo anafufuta okha ndi petulo, osalankhula ndi munthu.

Kenako foni inalira kuchokera ku timu ya dziko. Popeza wopambana waimitsidwa, apite wachiwiri. Ndilongedze katundu.

Chikwama changa analongedza ndi Tuqa. Maso ali otupa, anapinda yunifolomu yanga bwinobwino, n'kuikamo zotetezera miyendo zake zatsopano.

"Zanu zija zinatha, zikakuchititsani manyazi. Kamenyereni tonse awiri, asisi. Bola malo akhale a m'nyumba muno."

Ndinapita. Ndewu yoyamba ndinakumana ndi mtsikana wa ku Thailand amene ndinali nditam'gonjetsapo kawiri. Ndinaima pamenepo ngati mtengo. Mphunzitsi wa timu ankakuwa kumbuyo kwanga kuti nyamula mwendo, koma mwendo unkalemera ngati ndamangirira thumba la simenti. Maraundi awiri, basi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za thukuta zinathera mu mphindi zinayi.

6

Loya amene bambo anam'peza anali mayi wachikulire, dzina lake Sawsan. Anabwera kunyumba Loweruka masana, nakhala pabalaza ndi mapepala ake.

"Ndinene mosabisa, Kaputeni. Zikakhala chonchi, mwanayu amuletsa zaka ziwiri. Kulumbira sikuthandiza. Komiti imafuna tisonyeze kuti mankhwalawo analowa bwanji m'thupi mwake. Tikasonyeza kuti iye sankadziwa, chilango chikhoza kutsika kufika pa miyezi."

"Tisonyeza bwanji chinthu chimene sitikuchidziwa?"

"Tiyambire pafupi. Bweretsani mankhwala onse a m'nyumba muno. Ngakhale a chifuwa."

Bambo anadzuka okha. Anabwera ndi a mutu, odzola pa bondo langa, mavitamini a Tuqa, n'kuika patebulo. Pomaliza anabweretsa kabokosi koyera ka pamwamba pa firiji, ka mapiritsi a amayi a kuthamanga kwa magazi.

Mayi Sawsan anakweza magalasi, anawerenga pa kabokosi, anawerenga pa kalata. Anaika ziwirizo pafupi n'kuzikankhira kwa bambo.

"Ndi omwewa."

Nthawi imeneyo amayi ankalowa ndi thireyi ya khofi. Anaima pakhomo.

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Hiyam."

Ndinaiona nkhope imeneyo. Ndinali nditaiona kawiri m'moyo wanga, ndipo ndinkadziwa mawu amene amatsatira. Milomo yawo inayamba kutseguka.

"Ndine," ndinatero.

Onse anandiyang'ana.

"Ndine ndinatenga mapiritsi a amayi. Ndinkawaphwanya n'kuthira m'tiyi wa Tuqa, m'mawa katatu. Ndinkadziwa kuti wopambana amayezedwa. Ndinkafuna malowo."

Tuqa anaseka. Ndithu anaseka, kaphwete kakang'ono.

"Asisi, si nthawi ya nthabwala ino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuseka kuja kukuuma pankhope pake.

"Ndinakulongedzerani chikwama," ananena motsitsa. "Ndinakupatsani zotetezera zanga."

Thireyi inagwa. Amayi anatsegula pakamwa, ine ndinawayang'ana m'maso n'kupukusa mutu pang'ono. Anagwada n'kuyamba kutola magalasi osweka ndi manja.

Bambo sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anapita pakhoma, anachotsa zithunzi zanga chimodzichimodzi, n'kuzitembenuza chafufumimba patebulo.

"Mayi Sawsan, lembani zimene wanenazo. Ine ndili ndi mwana mmodzi."

Komiti inandiletsa zaka zinayi, ndipo pa msinkhu wanga kunali kutha kwa zonse. Tuqa anamupatsa miyezi isanu ndi inayi, chifukwa amati wosewera ayenera kusamala ngakhale ndi a m'nyumba mwake. Olimpiki inadutsa tonse tili pansi. Ndinakwera basi kupita ku Aqaba, kutali kum'mwera, kumene ndinapeza ntchito m'sitolo yogulitsa mayunifolomu a sukulu. Ndili komweko mpaka lero.

7

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mwazindikira kale kuti amene anaphwanya mapiritsi ndi amayi, ndipo mwayamba kundimvera chisoni, kuti mwana wabwino anasenza mlandu wa mayi wake. Dikirani kaye.

Linali tsiku limene sikelo inaonetsa 59.4. M'mawa ndinalowa kukhitchini chikwama chili paphewa, kuti nditenge botolo langa. Ndinawapeza amayi atafulatira chitseko, akuphwanya chinthu ndi kumbuyo kwa supuni. Pambali pawo panali kabokosi koyera kaja ndi kapu ya Tuqa.

"Amayi, mukutani?"

Anadzidzimuka mpaka supuni inagwa.

"Tseka chitseko. Usawauze bambo ako, mwanangu, ndakugwira mwendo. Mwanayu afa. Wamuona milomo? Mapiritsiwa ine ndikamwa ndimangokhalira kuchimbudzi, madzi onse amachoka. Ndiye ndati theka lokha, sikelo itsike msanga, asiye kudzizunza padengapo."

Anathira ufawo m'tiyi n'kutakasa. Kenako anandiyang'ana ndi maso a munthu wokhulupirira.

"Palibe choipa, eti? Iwe ndi amene umazidziwa zinthu zimenezi."

Ndinkazidziwadi. Zaka khumi ndinali ndikukhala m'misonkhano yotiphunzitsa za mankhwala oletsedwa. Dzina la mapiritsi amenewo ndikanalitchula ndili m'tulo. Ine ndemwe ndinkachenjeza atsikana atsopano mu timu kuti asayerekeze kuwakhudza. Pankafunika mawu awiri okha: tayani, amayi.

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndachedwa, amayi."

Ndinatenga botolo langa n'kutuluka.

Panjira ndinadziuza kuti theka la piritsi silingaoneke. Ndinadziuza kuti mwina chaka chino sayeza. Ndinadziuza kuti ndimugonjetsa ndi mwendo wanga, ndipo wogonja samuyeza kawirikawiri, nkhani ithera pomwepo. Koma pansi pa zonsezo panali kamawu kena kamene sindinkafuna kukamva, kakuti ngati andigonjetsa, pali khomo lina.

M'mawa wachiwiri sindinalowe n'komwe kukhitchini. M'mawa wachitatu amayi anandiitana ndikudutsa.

"Miyendo ikundiwawa lero. Kam'patsire mng'ono wako padenga."

Ndinailandira kapuyo. Masitepe okwera padenga lathu alipo khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo pa lililonse ndikanatha kuitaya. Ndinam'peza Tuqa atakhala pansi pamthunzi wa thanki ya madzi, thukuta likutsika m'chovala cha pulasitiki. Anailandira ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, asisi. Inu nokha ndi amene mumandimvera chisoni m'nyumba muno."

Anamwa yonse ine ndikuona.

Choncho pamene ndinanena pabalaza paja kuti ndine, sindinkanama kwenikweni. Ndinangosintha dzanja limene linagwira supuni.

8

Amayi ankandiimbira foni Lachisanu lililonse bambo akapita kumzikiti.

"Ndiwauza, mwanangu. Sindikugona. Sabata ino ndiwauza."

"Mukawauza mupita kuti, amayi? Dikirani Tuqa abwerere kaye mu timu."

Tuqa atabwerera, amayi ankati adikire mpikisano wa ku Asia udutse, asamusokoneze mwana. Utadutsa, Tuqa n'kubwera ndi mendulo ya siliva, ankati bambo ali ndi chimwemwe koyamba patapita zaka, asawawonongere. Kenako unabwera mpikisano wa dziko lonse lapansi, Tuqa anatenga mendulo ya mkuwa, ndipo holo ya bambo inadzazanso mpaka anachita lendi chipinda china. Nthawi yabwino yonenera zoona sinapezeke. Nanenso sindinawakakamize. Ndinkaopa kuti akayamba kufotokoza, afika pa funso lija anandifunsa kukhitchini.

Chaka chathachi foni inalira Lachiwiri. Anali mayi woyandikana nafe nyumba. Amayi anagwa akuyanika zovala, sitiroko.

Ndinayenda maola asanu pa basi. Nditafika kuchipatala bambo anali pakhonde. Tsitsi lonse linali litayera. Atandiona anadzuka, anadutsa pambali panga ngati akudutsa mzati, n'kutsika masitepe.

Amayi anali gone, mbali yakumanja yonse itafa, pakamwa patapotoka. Atandiona anayamba kulira, akutulutsa mawu opanda tanthauzo. Tuqa anali pampando pafupi ndi bedi. Anali atakula, mapewa otambalala, nkhope ya munthu amene amaonekera pa TV. Zaka zisanu tinali tisanalankhulane.

"Mwawaona. Mukhoza kupita," anatero osandiyang'ana.

"Tuqa, ndipatse mphindi zisanu."

"Ndinakupatsani kale miyezi isanu ndi inayi ya moyo wanga."

Ndinagwada pansi pomwepo, pa simenti ya chipatala, ndipo ndinamuuza zonse. Za supuni, za funso la amayi, za wotchi, za kapu padenga. Sindinabise mbali yanga. Ndinkaganiza kuti amayi akamwalira osanena, choonadi chikwiriridwa nawo limodzi.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapukusa mutu.

"Mwadikira mpaka asiye kulankhula kuti muwapake matope anu."

"Afunse. Akumva."

Anawerama pa bedi n'kuwagwira dzanja lamoyo lija.

"Amayi, zimene akunena asisizi n'zoona?"

Amayi anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsikira m'khutu. Koma Tuqa sanawasiye dzanja.

"Amayi, asisi akunama?"

Amayi anagwedezanso mutu kuvomera, chimodzimodzi.

"Adokotala anatiuza kale," anatero Tuqa. "Amavomera chilichonse. Dzulo ndinawafunsa ngati ndine mphaka, anavomera."

Ndinakwawira pafupi ndi bedi. Ndinawapempha amayi kuti aphethire kamodzi ngati ndikunena zoona, kuti andifinye chala, kuti aloze. Ankangondiyang'ana, pakamwa pakugwedera, akulimbana ndi mawu amene sankatuluka. Sindidzadziwa ngati ankamva zonse ali otsekeredwa m'thupi lawo, kapena ankangolira poona ana awo awiri m'chipinda chimodzi.

Tuqa anaimirira n'kutsegula chitseko.

"Tamverani, asisi. Ngati mukunama, ndinu munthu woipa kuposa mmene ndinkaganizira. Ngati mukunena zoona, munakwera masitepe onse aja ndi kapu m'manja, n'kundiyang'ana ndikumwa. Sankhani nokha chimene mukufuna ndikhulupirire. Kwa ine zonse ndi chimodzi."

Sananame.

"Ndipo musayerekeze kuwauza ababa. Ndi amene akuwadyetsa amayi ndi kuwasambitsa. Mukufuna muwalande ngakhale zimenezo?"

9

Amayi akadali moyo. Woyandikana nafe uja amandiuza kuti bambo anasiyira holo wophunzira wawo wakale, ndipo amakhala pambali pa bedi tsiku lonse, kuwadyetsa supu ndi supuni, kuwapesa tsitsi, kuwawerengera nyuzipepala. Munthu yemwe uja ndinkamuopa kuti awathamangitsa. Mwina akanawathamangitsadi tsiku lija pabalaza. Mwina akanakalipa sabata imodzi n'kukhululuka, tonse tikanakhala pamodzi lero. Sindidziwa, ndipo palibe amene angandiuze.

Chiletso changa chinatha zaka ziwiri zapitazo, koma palibe holo ingandilole kuphunzitsa ana. Sindiwadandaula. Ndimayeza ana a eni masiketi ndi malaya a sukulu, ndipo Tuqa akamamenya kunja ndimaonera pa foni pansi pa kauntala, kasitomala akatuluka. Masiku ano amatsitsa dzanja lakumanzere akatopa mu raundi yachitatu. Aphunzitsi ake sanazione. Ndinam'lembera uthenga. Zikuonetsa kuti anawerenga, koma sanayankhe.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndakhala ndi anthu othyoka mafupa moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti fupa likhoza osaola koma n'kulumikizika mokhota, mwendo osadzapondanso bwino.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, musandilembere kuti ndine mwana wabwino, ndipo musavutike kundiuza kuti ndine woipa. Zonse ziwiri ndadziuza kale. Ndalemba chifukwa ndikudziwa kuti pakati panu pali wina amene akuona chinthu chikulakwika m'nyumba mwake, ndipo kukhala chete kukumukomera. Sanabe, sananame, sanathire kanthu m'kapu ya munthu. Akungoyang'ana kumbali, n'kumadziuza kuti si iye wayambitsa. Nanenso ndinkadziuza choncho. Tsiku limene mawu awiri akanapulumutsa anthu anayi, ndinawaumira. Pamene ndinadzafuna kulankhula, ndinalankhula mawu chikwi nditagwada, ndipo mboni yanga yokhayo inali itasiya kuyankhula.

Ngati muli ndi mawu otero pakamwa, anenereni lero, amene angakuvomerezeni akadali ndi lilime.